Mpheta yofiira ya m'dambo sipita ku Ulaya

Funso lachokera kwa aphunzitsi a sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Linthipe, m'boma la Dedza. Alemba kuti: "Kuseri kwa sukulu yathu kuli dambo. Chaka ndi chaka, kuyambira cha m'Januwale, timaonako kambalame kofiira pamsana, kakuda pamimba, kokonda kukhala pansonga pa tsekera katadzitukumula. Palinso ina yakuda bii, yamchira wautali. Ikamafika Juni zonsezi sizionekanso. Ana a m'kalabu yathu ya zachilengedwe akuti zimapita ku Ulaya ngati anamzeze. Kodi ndi mbalame zanji, zimapita kuti, nanga tingazionere bwanji pomwe zipangizo tilibe?"

Aphunzitsi, anawo aganiza bwino, kungoti muvi wawo walasa pambali. Anamzeze ambiri amene amandanda pa mawaya a magetsi kuyambira Okutobala mpaka Epulo ndi alendodi, amachokera ku Ulaya ndi ku Asia ndipo amabwerera komweko kukaswa. Kambalame kanu kofiira ndi kamwinimudzi. Mu Juni ndi Julayi kamakhala kali pomwepo, kapena kangosendera pang'ono kutsata njere za udzu ndi madzi. Chimene chachoka ndi chovala. Yaimuna ikamaliza kuswana imathothoka nthenga zofiira ndi zakuda zija, n'kumera zotuwa zatimizere zofanana ndi za yaikazi, kenaka n'kulowa m'gulu la timbalame totuwa timene mumadzidzimutsa m'mapesi mukamapita kudimba. Mwakhala mukukumana nayo chaka chonse osailonjera.

Mbalamezi ndi za banja limodzi ndi atchete, oluka zisa aja. Atchete achikasu amakonda kulenjeka zisa zawo kunsonga kwa nthambi, khomo litaloza pansi, kaya ndi pa mtengo wa pamsika kaya pamwamba pa mtsinje. Abale awowa anasankha udzu. Amadya m'udzu, amamenyana m'udzu, ndipo chisa amachimangirira pakati pa mapesi oima a tsekera, nsenjere kapena bango, khomo lili pambali chakumwamba. Akatswiri amawaika m'gulu lotchedwa Euplectes. M'mabuku a Chingerezi amchira waufupi amatchedwa bishop, amchira wautali widowbird. Ambirife timangoti mpheta, koma dzina limeneli ndi bulangete lofunda mitundu yambirimbiri, choncho atumeni anawo akafunse agogo awo maina enieni a kwanuko, muwalembe.

Tsono yofiira yanuyo ndi iti? Kuno kwathu zofiira zimene anthu amasokoneza zilipo ziwiri, ndipo woziona patali angalumbire kuti ndi mbalame imodzi. Musataye nthawi ndi kufiirako, pakuti zonse n'zofiira, zina mpaka kupendekera ku mtundu wa lalanje lakupsa. Yang'anani mutu. Ngati kufiira kwakwera kuchokera pakhosi mpaka paliwombo ponse, kukuda n'kungotsala m'masaya ndi kuzungulira mlomo, imeneyo ndi Black-winged Red Bishop. Ngati kukuda kwa kumaso kwakwera mpaka pachipumi ndi kutsogolo kwa liwombo, ngati munthu wovala kapusi yakuda yotsetserekera kutsogolo, imeneyo ndi Southern Red Bishop. Mukatha mutu, pitani ku mapiko. Yoyamba ija mapiko ndi mchira ndi zakuda, yachiwiriyi ndi zotuwa ngati khaki. Chachitatu chimaoneka mbalame ikakufulatirani: kunsi kwa mchira, yachiwiriyi ndi yofiira, pomwe yoyamba ndi yoyererapo. Yamapiko akudayi ndi yokulirapo pang'ono, imatha kufika masentimita 15, ndipo mlomo wake ndi wojintcha.

Malo nawo amachitira umboni. Southern Red Bishop ndi yam'bango ndi m'madzi. Imamanga mothithikana, amuna ambiri pabango limodzi, aliyense ndi kachigawo kake kongokwana mphasa zingapo, phokoso lili pwirikiti. Mukaifuna mosavuta pitani kumadambo a ku Chilwa, ku Elephant Marsh m'chigwa cha Shire, kapena m'mbali mwa madamu. Yamapiko akuda sikakamira madzi. Imakhutira ndi udzu wautali wa m'mphepete mwa dambo, tsala, ngakhale m'malire a munda wa chimanga, ndipo yaimuna iliyonse imagwira dera lotakasuka payokha. Popeza mwati yanu imakhala pa tsekera, osatchula bango, mtima wanga uli pa yamapiko akudayi. Koma mtima si umboni. Kaoneni liwombo.

Yakuda yamchira wautali, kumtunda ngati kwanuko, kawirikawiri imakhala Red-collared Widowbird. Thupi lake ndi laling'ono ngati la mpheta zinazi, koma mchira wokha umapitirira masentimita 20. Pammero ili ndi kamkanda kofiira kooneka ngati mwezi wongokhala kumene, ndipo kamkandaka sikaoneka pokhapokha itakupenyani dzuwa lili kumbuyo kwanu. Zina zilibiretu, n'zakuda thupi lonse, ndiye kusowa kwa mkanda kusakubwezeni. Kauluke kake n'komwe kamaiulula: imauluka pang'onopang'ono pamwamba pa udzu, mapiko akupalasa mwaulesi, mchira utatambasuka n'kulendewera pansi ngati chitenje chonyowa.

Apa chenjerani ndi mbalame ina imene ana amaiphatikiza m'gululi chifukwa cha mchira. Ndi yaing'ono, yoyera kumimba, yakuda kumsana, mlomo wofiira, mchira wa nthenga zinayi zowonda ngati zingwe, ndipo ndi yandewu kwambiri pabwalo pamene pagwera gaga. Imeneyo ndi Pin-tailed Whydah. Si m'bale wa oluka zisa, ndipo chisa simanga n'komwe. Imakaikira mazira m'zisa za timbalame tina tating'ono. Yakuda yokhala ndi chikasu ikakupezani, funsani kuti chikasucho chili pati. Chikakhala paphewa ndi kumapeto kwa msana, mchira uli waufupi, ndi Yellow Bishop. Chikaphimba mapewa ndi msana wakumtunda ngati shawelo, mchira uli wotalikirapo, ndi Yellow-mantled Widowbird, yokonda madambo a udzu waufupi. Chikasu paphewa chotsatana ndi banga loyera paphiko ndi White-winged Widowbird. Ilipo inanso ya kumapiri ozizira, Montane Widowbird, imene kuno muyenera kukwera ku Nyika kuti muione. Kunja kwa kumeneko imapezeka kumapiri a kumwera kwa Tanzania ndi kachigawo ka Zambia koyandikana nafe.

Mwana wochenjera adzakufunsani kuti mchira wovuta kuuluka nawo chonchi ndi wa chiyani. Yankho lake lili ndi nkhani yokoma kuwafotokozera. Kuli mkulu wa mbalame zonsezi, Long-tailed Widowbird, wamchira wofika theka la mita. Abale athu a ku Joni amamuona m'minda ya udzu kunja kwa Johannesburg, komwe amamutcha sakabula, ndipo amapezekanso kumapiri a ku Kenya. Katswiri wina wa ku Sweden, Malte Andersson, anagwira amuna 36 ku Kinangop ku Kenya. Ena anawadula michira kutsala masentimita 14, zodulazo n'kuzimatira kwa ena mpaka michira yawo kufika masentimita 75. Ena anawadula n'kuwamatanso pomwepo, ena sanawadule, kuti pakhale poyerekezera. Zotsatira zake zinatuluka mu 1982: zisa zatsopano zinachuluka m'madera a amuna owonjezeredwa michira aja. Akazi ndiwo amakoka mchirawo kuti utalike, mbadwo ndi mbadwo, posankha mwamuna. Pa yamkanda wofiira yanuyi, akatswiri ena, Sarah Pryke ndi Staffan Andersson, anapeza ku KwaZulu-Natal, ku South Africa, kuti ntchito ndi zogawana: mchira ndi wokopera akazi, mkanda ndi woopsezera amuna anzake polimbirana malo. Kufiirako sikubwera kwaulere. Thupi la mbalame limatenga tinthu tachikasu ta m'zakudya n'kutisandutsa tofiira pomera nthenga. Ndipo chovala choonekera patali chotero mphamba nayenso amachiona, n'chifukwa chake sizodabwitsa kuti ntchito yake ikatha chimavulidwa.

Kudziwa dzina ndi poyambira chabe. Chokoma chenicheni ndi kukhala pansi n'kuonerera zimene yaimuna imodzi ikuchita, ndipo apa kusowa zipangizo sikukulepheretsani chilichonse, chifukwa mbalame zimenezi m'dzinja zimafuna kuonedwa. Sankhani imodzi. Pakangotha mphindi makumi awiri mudzazindikira kuti ili ndi mapesi atatu kapena anayi amene imaterapo mobwerezabwereza, ndipo mukalumikiza mapesiwo m'maganizo mwajambula malire a munda wake. Yaimuna inzake ikadumpha malirewo imathamangitsidwa nthawi yomweyo. Koma kakadutsa kambalame kotuwa, muone kusintha kwake. Imafufumitsa nthenga za pakhosi ndi pamsana mpaka kukhala ngati mpira, n'kunyamuka mapiko akunjenjemera, ikuyandama pamwamba pa udzu ngati bemberezi. Nyimbo yake si yoti n'kuitamanda: kuswiswiza kosalekeza, ngati mafuta akuthetheka m'chiwaya cha tchipisi. Mukaimva kamodzi mudzayamba kuitulukira mbalameyo ndi khutu musanaione.

Kotuwa kajako musakanyoze, ndiye mwini nkhani. Yaimuna imang'amba timizere ta masamba aawisi a udzu n'kuluka chimango cha chisa, chowulungika ngati dzira, choonekera mkati, ndipo imaluka zingapo m'dera lake. Yaikazi imabwera kudzayendera, kulowa, kutuluka, kukoka apa ndi apo. Ikakhutira imayala mkati ndi ngayaye zofewa za udzu, zina n'kutulukira pakhomo ngati kakhonde. Ikapanda kukhutira imapita kwa mwamuna wina, chimangocho n'kuuma chopanda ntchito. Mazira amakhala awiri mpaka anayi, obiriwira mopita ku buluu. Kufungatira kumatenga masiku 12 kapena 13, ndipo anapiye amatuluka m'chisa pakatha pafupifupi masabata ena awiri. Ntchito yonseyi, kufungatira ndi kudyetsa komwe, ndi ya mayi yekha. Bambo ndi wamitala, amakhala ndi akazi awiri, atatu kapena kuposerapo, ndipo iye ali kalikiliki kuluka chisa china ndi kulondera malire. Ana anu akatha kuwerenga kuti m'dera la yaimuna imodzi mukulowa akazi angati atanyamula chakudya kukamwa, achita kafukufuku weniweni, woposa kuloweza maina khumi.

Pabango la Southern Red Bishop tcherani khutu kwa mlendo wina wa m'dzinja, Diederik Cuckoo, wobiriwira monyezimira kumsana, woyera kumimba, wolira mokweza kuti dii-dii-dii-diderik. Mkazi wake amazemba n'kuikira dzira m'chisa cha mpheta, ndipo mwanapiye wake akaswa amachotsa mazira kapena ana a mwini nyumba n'kutsala yekha kudyetsedwa. Mukaona amuna ofiira angapo asiya ndewu zawo n'kuthamangitsira limodzi mbalame yobiriwira, mlandu wake ndi umenewo.

Tibwerere ku funso la anawo, chifukwa kuwauza kuti mbalame sinachoke n'kosakwanira, ayenera kudzionera okha. Nthawi zogwirira wosinthayo ali pakati posintha ndi ziwiri. Yoyamba ndi kumapeto kwa Epulo ndi mu Meyi, pamene mudzaona amuna amawangamawanga, kufiira apa, kutuwa apo, ngati nyumba yopakidwa penti n'kulekezedwa. Yamchira wautali ija imatsala ndi nthenga imodzi kapena ziwiri zolendewera, kenaka zii. Yachiwiri ndi mu Novembala ndi Disembala, mvula zoyamba zikagwa, pamene mawanga akuda amayamba kutuluka pamimba pa mbalame yotuwa ndipo mlomo, umene m'chilimwe unali wotuwa, umada. Pakati pa nyengo ziwirizi, m'miyezi yozizira, yang'anani gulu likamanyamuka m'mapesi. Yaimuna ya Black-winged Red Bishop imasunga mapiko akuda chaka chonse, ndipo pakati pa anzake otuwa imaonekera. Yellow Bishop imasunga chikasu chake paphewa ndi kumapeto kwa msana, White-winged imasunga banga lake loyera. Zimenezi ndi ziphaso zimene sizibisika.

Za akazi ndi ana ndikuuzeni zoona: ngakhale amene takalamba tikuyang'ana mbalame timagwa nazo. Onse ndi otuwa, timizere takuda kumsana, kamzere koyererapo pamwamba pa diso. Ndikuyamba kumene ntchitoyi ndinalemba m'kope mwanga, ndi chidaliro chonse, kuti ndaona akazi khumi ndi awiri a mwamuna mmodzi, ndipo ndinayenda nayo nkhaniyo kwa sabata yathunthu. Mkulu wina amene ankandiphunzitsa anangondifunsa kuti, "Mwa khumi ndi awiriwo, ndi angati analowa m'chisa?" Panalibe ndi mmodzi yemwe amene ndinamuona akulowa. Amuna achinyamata savala zofiira m'chaka chawo choyamba. Amadikira chachiwiri, ndipo m'dzinja loyambalo amayendayenda m'timagulu ooneka ngati akazi. Choncho kotuwa kalikonse si kakazi, ndipo kakazi kalikonse kokhala pafupi ndi yofiira si kake. Lembani dzina pokhapokha mwaona kakulowa m'chisa cha m'dera la yaimuna imene mwaizindikira kale. Kupanda apo lembani kuti "mpheta yotuwa", palibe manyazi.

Gulu la m'chilimwe limasakanikirana ndi mbalame inanso ya banja lomweli imene alimi a mapira, mchewere ndi mpunga, makamaka ku Chikwawa ndi ku Nsanje, amaidziwa bwino: Red-billed Quelea, youluka m'chimtambo chokhotakhota ngati utsi. Chizindikiro chake ndi mlomo wofiira, ngakhale kuti waikazi umasanduka wachikasu nthawi yoswana. Mpheta zanu zofiira nazo zimadya mpunga ndi mapira zikapeza, sindingazikanire mlanduwo, koma chakudya chawo chachikulu ndi njere za udzu wakutchire, ndipo anapiye zimawapatsanso tizilombo. Inswa zikamatuluka madzulo mvula itakata, pitani mukaone zikuziwakha m'malere.

Kaonedwe kake n'kosavuta. Pitani m'mamawa, dzuwa litangotuluka mpaka cha m'ma 9 koloko, kapena chakumadzulo kukayamba kuzizira. Masana mbalame zimatsikira m'udzu. Imani dzuwa lili kumbuyo kwanu, apo ayi yofiira ndi yakuda zonse zidzaoneka zakuda. Pezani chulu kapena mtumbira wokwera m'mbali mwa dambo, mukhalepo, osayendayenda. Ana makumi anayi obwera pamodzi atavala yunifolomu yowala athamangitsa chilichonse, ndiye muziwatenga asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo lamulo likhale loti woloza aloze ndi mawu apansipansi, osati ndi mkono. Poyamba mbalame idzathawa. Isiyeni. Ili ndi malire oti iteteze, ndipo pakatha mphindi zochepa idzabwerera pa phesi lomwe lija. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndi kudekha komweko mbalameyi imafika pafupi moti liwombo mumaliona ndi maso okha.

Mwana aliyense akhale ndi kope ndi pensulo. Ajambule dzira lalikulu la thupi, kadzira ka mutu, ndi mchira, kenaka alembe pamene pali kufiira, kukuda kapena chikasu mbalameyo ikadali pamaso pake. Akadikira kuti akalembe m'kalasi, mutu udzawonjezera zake. Tsiku, nthawi, mtundu wa udzu ndi chimene mbalame imachita zilembedwenso. Ineyo kope lotere ndimalikhulupirira kuposa chithunzi cha pafoni chojambulidwa patali, chimene chimangoonetsa kadontho kofiira. Foni ili ndi ntchito yake pambuyo pake: pulogalamu yaulere ya Merlin Bird ID, yopangidwa ndi Cornell Lab of Ornithology, ili ndi zithunzi ndi kulira kwa mbalame zimenezi, ndipo mukaikopera pamene pali netiweki yabwino imagwira ntchito ngakhale kudambo. Tsiku lina kalabu ikadzapeza mwayi wa ma binoculars, magalasi oonera patali aja, funani olembedwa 8x42 kapena 8x32. Okuza kwambiri amanjenjemera m'manja mwa mwana. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi lakhala likugwira ntchito ndi makalabu a m'sukulu kwa zaka zambiri, ndipo n'koyenera kulilembera.

Dambo lili ndi eni ake, ndipo munthu woima phee m'mbali mwa chimanga mu Malichi, mondokwa atakhwima, amaganiziridwa zina. Kambani ndi a mfumu ndi eni madimba musanayambe. Ana asalowe m'madzi osayenda chifukwa cha likodzo, avale nsapato chifukwa cha njoka, ndipo mu Meyi ndi Juni mudziwe pamene pali chitedze, chifukwa mwana amene chamuyabwa kamodzi kalabu waitsanzika. Malegeni ndi ulimbo zitsale kunyumba. Pamenepa mudzalimbana nawo anyamata, ndikudziwa, koma amene ali katswiri pa legeni kawirikawiri ndi yemweyo wa maso akuthwa, ndiye mpatseni udindo wowerenga mbalame.

Chisa mukachipeza musachigwire, ndipo musapondereze udzu kupanga kanjira kopita pomwepo. Kanjira kameneko mawa adzadutsamo ndi galu, mphaka kapena mwana wina wofuna anapiye. Chioneni muli patali, muike chizindikiro pa mtengo kapena chulu chapafupi. Udzu ukauma ndipo anapiye atauluka, cha mu Juni, mukhoza kudula chisa chimodzi chopanda kanthu n'kupita nacho m'kalasi kuti ana aone kalukidwe kake ndi kuchiyerekeza ndi cha tchete. Mbalamezi sizibwerera m'chisa chakale. Chimene zimafuna n'choti udzu wautali ukhalepo kuyambira Disembala mpaka Epulo. Omweta udzu wofolera m'chilimwe sazilakwira kwenikweni. Chozithamangitsa ndi kulima dambo lonse mpaka m'madzi osasiyako kachigawo, kapena kudyetsa ng'ombe pamalo amodzi mpaka udzu kulephera kukula.

Ntchito yoyamba ya kalabu ikhale iyi. Dzinja lino, ana akhome zikhomo kapena alembe pamapu mapesi amene amuna ofiira akuterapo, ndi kuwerenga kuti alipo angati. Kuyambira Epulo, Lachisanu lililonse mmodzi alembe ngati waona wofiira thupi lonse, wamawanga, kapena otuwa okhaokha. M'miyezi yozizira asakesake wamapiko akuda m'gulu la m'mapesi. Ikafika Novembala abwerere pa chulu chija ndi mapu awo, adikire tsiku limene mbalame yotuwa yamawanga akuda pamimba idzatere pansonga pa udzu watsopano n'kuyamba kuswiswiza. Tsikulo alilembe, ndipo mudzandiuze kuti liwombo linali lofiira kapena lakuda.